Dzanja la a Mwaswera

Magetsi anayaka a Fanny ali pakati pa pemphero.

Filiji inayamba kung'ung'udza pakona, babu la pakhonde linaphethira kawiri, ndipo pafupi ndi khomo, kuseri kwa chitenje chomwe anachifunditsa, chidole chija chinayatsa maso.

"Mwaswera bwanji, ana inu! Lowani, lowani, malo alipo!"

Anali mawu a Solomoni, munthu amene anali atagona kumanda masiku atatu.

Amayi awiri a kumpingo anatulukira pakhomo nthawi imodzi, mapewa akugundana, mapatapata atatsala pamphasa. A Fanny, mlongo wake wa malemuyo, sanathawe. Anatsegula diso limodzi, kenako linalo, n'kuyang'ana Monika, mkazi wa Solomoniyo, ngati kuti wayankhula ndi iyeyo.

Veronika, mwana wa Monika, anadzuka msanga, nakazula waya pakhoma. Maso ofiira aja anazima kuseri kwa nsalu.

"Pepani azakhali, ndinaiwala kuzula. Ndi kakadi chabe, konga ka nyimbo ka m'foni. Adadi anajambulamo mawu awo."

"Kakadi," anatero a Fanny. "Eya. M'nyumba muno chilichonse ndi kakadi."

Monika sanasunthe pomwe anakhala, msana atatsamira khoma, duku lakuda litatsikira pamphumi. Anthu anaona ngati mantha amuumitsa. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti mwana wake akuzula wayawo, anatsala pang'ono kumuuza kuti, taleka, anenenso.

Solomoni anakhala ku Joni zaka zisanu ndi zinayi akuphika pitsa m'khitchini ya eni. Anzake pobwerera ankabwera ndi galimoto kapena malata. Iye anabwera ndi thabwa lalitali lotulutsira pitsa mu uvuni, komanso chikhulupiriro chakuti anthu a pa Ntchisi Boma akungodikira munthu wowaphunzitsa kudya buledi wopaka matimati ndi tchizi. Anatsegula malo odyera, uvuni anawumba yekha ndi njerwa. Poyamba anthu ankati ndi chigumu cha azungu, nadutsa. Kenako anamwino ndi a kukhonsolo anayamba kubwera mwezi ukatha, alendo opita kunkhalango nawonso ankaima. Koma Solomoni ankafuna ana. Ankati malo odyera opanda phokoso la ana ndi ofesi.

Ndiye anapanga chidolecho. Thupi linali la mawaya ndi matumba, mutu unali chigubu cha mafuta ophikira, maso anachotsa ku njinga yamoto yakufa, ndipo dzanja lamanja linkakwera ndi kutsika ndi kamota kopukutira galasi la galimoto. Anachiveka epuloni ndi chipewa choyera, n'kuchiimika pafupi ndi khomo, nkhope kuyang'ana kumsewu. Ana anachitcha a Mwaswera. Kwa zaka zitatu, Loweruka lililonse pakhondepo pankakhala ngati pasukulu. Makolo ankachokera mpaka ku Mponela kudzajambulitsa ana awo atagwira dzanja la a Mwaswera.

Zinatembenuka pamene kumsika kunatsegulidwa kashopu ka magemu, ma TV awiri ndi mabenchi atatu. Mwa magemuwo munali ina yoopsa, ya zidole za m'malo ogulitsira pitsa zomwe zimasaka munthu magetsi akazima. Ana omwe aja ankalowa m'kashopumo akuseka, potuluka n'kumayang'ana a Mwaswera ndi diso lina. Anayamba kuima tsidya lina la msewu, kumatumana kuti wolimba mtima akagunde chitseko athawe. Wina anajambula chidolecho pa foni, n'kuikamo mkuwe wa munthu wophedwa, kanemayo n'kuzungulira boma lonse mpaka ku Dowa.

Makolo gemuyo sanaione. Anangoona ana awo akukana kudutsa msewu umenewo, ena akubwebweta kutulo. Ndipo mayi wogulitsa matimati moyang'anizana ndi malowo anaonjezera chake: dzanja la chidolecho limakwera ngakhale boma lonse lilibe magetsi. Maso ali ozima, mawu kulibe, koma dzanja mmwamba. Wina anakumbutsa za kachipinda ka matabwa komwe Solomoni anamanga m'khitchini, kuseri kwenikweni kwa chidolecho, kokhala ndi loko, kiyi wake pa lamba. Mawu omwe anthu ankawazungulira anatuluka tsopano: ndondocha. Akuti munthuyo anapha wina m'matsenga, akumusunga m'kachipindamo kuti azimukokera makasitomala. Palibe amene anafunsa kuti ndi ndondocha yanji yaulesi chotere, yosiya matebulo onse asanu ndi limodzi opanda munthu.

Lolemba lapitalo Solomoni anagwa pafupi ndi uvuni, ufa uli m'manja. Kuchipatala anati ndi magazi okwera. Kumsika anati chamutembenukira.

A Gideoni, mkulu wake wa Solomoni, anafika dzuwa litapendeka pang'ono, akukankha njinga yodzaza matope a njira ya ku Kasakula. Nkhani ya m'mawa anali ataimva kale kwa anthu atatu osiyana, ndipo m'kamwa mwa wachitatuyo chidolecho chinali chitayenda mpaka pakati pa chipinda. Anatsitsa mpando umodzi pa matebulo omwe anawaunjika pakona, nakhala chofulatira a Mwaswera.

"Alamu, ine sindizungulira," anatero. "Mvula yagwa. Anthu asiya mbewu m'manja, fodya akukulira pa nazale. Mawa timayenera kumeta kuti aliyense abwerere kwawo. Koma akuluakulu kumudzi akana. Akuti lumo silikhudza mutu wa munthu chinthu ichi chikadali chiimire."

"Ndiye mukuti titani, alamu?"

"Chiwotchedwe. Pamsewu pomwepa, masana, aliyense aone. Kachipindako kaphwasulidwe, matabwa ake apite pamoto womwewo. Osatsegula, osasuzumira. Zomwe sitinazione sizititsata."

Monika anayang'ana manja ake. Pansi pa zikhadabo panali padakali dothi la kumanda.

"Tikawotcha pamsewu," anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti tavomera. Mng'ono wanu adzakhala mfiti mpaka kalekale. Inu mukwera njinga kubwerera ku Kasakula. Ine ndidzagula mchere pamsika uno ndili mkazi wa mfiti, uyu mwana wa mfiti."

"Nanga panopa akukutchulani chiyani?" anafunsa a Fanny. "Pamaliro paja munawerenga anthu? Munthu wa bizinesi pa boma, wonyamula bokosi kuchita kusowa."

Veronika, amene anabwera kuchokera ku Lilongwe komwe ankaphunzitsa, anatulutsa foni yake.

"Bambo aakulu, taonani kuno. Nkhani yonseyi yachokera apa. Ndi masewera a ana, anapangidwa kunja. Onani, zidole, pitsa, mdima. Ana aona izi, n'kuona a Mwaswera, basi mantha. Adadi sizikuwakhudza n'komwe."

A Gideoni anatenga foniyo, naitalikitsa kumaso. Anaonera mwakachetechete mpaka chinkhope china chinalumphira pagalasi ndi mkuwe. Anadzidzimuka, foni inatsala pang'ono kugwa. Anaibweza mosamala ngati dzira.

"Ndiye kuti n'zodziwika mpaka kunja," anatero.

"Ayi, bambo aakulu, sindikutanthauza..."

"Azungu ndi nzeru zawo zonse akuchenjeza ana awo. Ife ndiye tizigona nacho?"

"Iwe Vero, sukulu yako tikuidziwa, tinasonkha nawo," anatero a Fanny. "Tatiuza: kakadi kakoko kamakwezanso dzanja magetsi kulibe?"

Veronika anatembenukira kwa amayi ake kuti amuthandize.

"Funso limenelo n'la inu, alamu," anatero a Gideoni, mawu atatsika. "Inu mumakhala pakauntala apo tsiku lonse. Munaliona dzanjalo likukwera magetsi atazima, kapena anthu akunama?"

Kunja kunadutsa lole ya feteleza, mawindo n'kunjenjemera. Monika anadikira kuti phokosolo lithe, ngati kuti yankho lipita nalo.

"Ndinaliona."

"Amayi!" anatero Veronika.

"Kangati?"

"Kambiri."

"Munamufunsa mwamuna wanu?"

Sanamufunse. Tsiku loyamba kuliona, chaka chatha m'nyengo yokolola, anali akupukuta mabotolo a tsabola. Filiji inali chete, wailesi chete, dzanja la a Mwaswera n'kukwera lokha, kugwedera kwa ana awiri odutsa, n'kutsika. Anaitana mwamuna wake, osayankhidwa. Patapita kanthawi Solomoni anatulukira m'khitchini akupukuta thukuta, akumwetulira yekha, kiyi akulendewera pa lamba. Funso linafika pamlomo, Monika n'kulimeza. Munthu amene wakhala kunja zaka zisanu ndi zinayi umamudziwa mbali imodzi. Anaopa kuti akafunsa ayankhidwa. Kuyambira pamenepo anayamba kugona chofulatira, kudya msanga, kupemphera motalikitsa. Solomoni anaona, koma naye anali ndi mwano wake wachete: wofuna kudziwa afunse. Anakhala chomwecho miyezi khumi ndi isanu ndi itatu, anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense akudikira mnzake.

"Sindinawafunse," anatero.

A Fanny anawomba m'manja kamodzi, mosapanga phokoso. A Gideoni anagwedeza mutu ngati munthu amene wapambana mlandu womwe sankafuna kupambana.

"Ndiye mwaona, alamu. Si nkhanza. Tikukutetezani."

Monika anadzuka. Mawondo anali atauma ndi masiku asanu a pamphasa. Anatulukira khomo la kuseri, kulowa m'nyumba yogona, nabwerako ndi jumbo yakuda yomwe anapatsidwa kuchipatala, yomwe anali asanaimasule. Anaimasula pamaso pawo. Shati inali ikununkhabe utsi wa nkhuni. Anasolola lamba m'thalauza, n'kuchotsa kiyi.

"Mwatani kodi?" anafunsa a Fanny. "Achimwene anena kuti osatsegula."

"Ndamva. Mukawotcha mawa, wotchani. Koma ndinakhala chaka ndi theka osafunsa, ndipo munthuyo wapita. Ngati ndinagona ndi mfiti, ndidziwe lero."

"Mukatiponyera tsoka, alamu."

"Tsoka lafika kale, a Fanny. Mwakhalira mphasa yake."

Khitchini inali yozizira, chinthu chomwe Monika anali asanachionepo. Mu uvuni munali phulusa ndi chikuni chimodzi chopserera theka. Mtanda womwe Solomoni ankakanda tsiku lija wina anauvindikira ndi mbale, ndipo unali utafufuma, kuphwa, n'kuuma. Kachipindako kanali pakona, kotalika ngati munthu, kopapatiza ngati chimbudzi. Veronika anaima kumbuyo kwa amayi ake. A Gideoni anaima pakhomo la khitchini, phazi limodzi mkati, lina kunja. A Fanny anatsala m'chipinda chodyera, akuyimba nyimbo ya kumpingo chapansipansi.

Loko anatseguka mosavuta, anali wothiridwa mafuta.

Munalibe fungo lililonse koma la girisi ndi thukuta lakale. Munali kampando ka matabwa kokhala ndi pilo wophwatalala. Pa shelefu panali kamota kaja kopukutira galasi, kakuda ndi kupsa, mawaya ake atadulidwa. Pakhoma, pafupi ndi bondo la munthu wokhala pansi, panakhomedwa chogwirira cha buleki ya njinga, waya wake n'kulowa pa kabowo kupita kuseri. Pamwamba pake panali kabowo kena, kokwana diso limodzi.

Veronika anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka china, nagwira pakamwa.

A Gideoni analowetsa phazi lachiwiri. Anawerama, nayang'anitsitsa chogwiriracho nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, n'kuchifinya.

M'chipinda chodyera nyimbo inaduka. "Mayo ine! Chadzuka! Achimwene, chadzuka!"

Anachisiya. Anachifinyanso.

"Yesu wanga! Chikundikodola!"

"Fanny, tabwera kuno usanagwetse matebulo a eni," anakuwa a Gideoni. Anayendetsa chala pa chitsulocho, pomwe panali tepi yabuluu yokulungidwa. "Buleki iyi ndi yanga."

"Yanu bwanji, bambo aakulu?"

"Tepi iyi ndinakulunga ndine. Chaka chatha ndinabwera kudzagulitsa soya, njinga ndinasiya pano. Pobwera ndinapeza buleki yakumbuyo kulibe. Akuti, achimwene, ndabwereka pang'ono, ndibweza Loweruka." Anapukusa mutu. "Chaka ndi theka ndikutsika mapiri a ku Kasakula ndi buleki imodzi. Nsapato ziwiri zatha ndi kukwekwesa pansi. Kawiri ndalowa m'munda wa eni. Galu ameneyu."

Mawu omalizawo anatuluka osweka. Anatembenukira ku uvuni, nayamba kufufuza kanthu m'thumba la jekete komwe kanalibe.

A Fanny anafika akupuma mofulumira, nasuzumira kudzera paphewa la Monika. Anaona mpando, anaona waya. Nkhope yawo inayamba kumasuka, kenako maso anakwera pakhoma la kumanzere, n'kubwerera m'mbuyo.

"Nanga awo? Mayina a ana a eni! Mwaona? Munthu amalemba mayina a ana m'chipinda chokiya chifukwa chiyani?"

Zinalidi choncho. Thabwa lonse linali lodzaza ndi zolemba za pensulo, mzere pansi pa mzere, m'zilembo zopendekera za Solomoni. Magalasi a Monika anali kunyumba.

"Vero, werenga."

Veronika anagwada, nayatsa tochi ya foni.

"Tamanda wa anamwino: kawiri, amaseka. Mose: amabisala kuseri kwa mtengo wa magetsi koma amafuna, dikira atulutse mutu. Wezzie: ayi, amalira. Amapasa a kwa a Moffat: mmodzi inde, wina ayi, ndiye pang'ono chabe." Anapita pa mzere wotsatira. "Lonjezo ndi gulu lake: akagenda, kweza kamodzi, asaganize kuti wakwiya."

Tochi inatsika ndi thabwalo. Mizere ya pamwamba inali ndi inde wambiri. Chapakati, ainde ena anali atakhwatchidwa, pambali pake palembedwa ayi. Chakumunsi kunali ayi yekhayekha.

Kunja mayi wa matimati ankakangana ndi munthu za chenje.

"Nanga osangonena bwanji?" anatero a Fanny pamapeto pake, mokwiya, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anthu akumunena chonchi, iye duu. Kungotsegula chitseko basi, nkhani yatha."

"Ana akanadziwa kuti ndi adadi," anatero Veronika.

"Kuyambira ali mwana," anatero a Gideoni, akuyang'anabe uvuni. "Akapanga galimoto ya mawaya, umufunse kuti matayala akukhota bwanji, amati ndi mafuta. Kumumenya, osaulula." Anatulutsa mpeni wopinda m'thumba, nayamba kumasula zomangira za chitseko cha kachipindako, chimodzichimodzi. Atamaliza ananyamula chitsekocho n'kukachitsamiritsa panja.

"Chikhale chotsegula. Wofuna kuona ndondocha alowe, aione, agule ndi pitsa yemwe."

"Anthu sasiya kulankhula, achimwene. Adzati ndondochayo taichotsa kusanache," anatero a Fanny.

"Alankhule. Akuluakulu ndikawauza ndine, ndi pakamwa pangapa. Mawa timeta." Anaima pamaso pa Monika, osamuyang'ana m'maso. "Bulekiyo ikhale, alamu. Ndazolowera."

Anatuluka ndi mlongo wawo kukauza anthu omwe anali pabwalo la kuseri. Veronika anafuna kutsala, koma amayi ake anamuuza kuti akafundukule chitenje chija pa a Mwaswera, kenako akawathandize azakhali ake kutunga madzi.

Monika anatsala yekha. Analowa m'kachipindamo cham'mbali, n'kukhala pa kampando. Pilo anali ataphwatalala potengera thupi la munthu wina, lalikulu kuposa lake. Khoma la kumanja linagundana ndi uvuni, ndipo anaganiza za kutentha komwe kunkakhala mmenemu mwezi wa Okutobala, chitseko chili chotseka. Iye nthawi zonsezo anali pakauntala, mapazi khumi kuchokera pamenepa, akuyesa kuti munthuyo akumuthawa kapena akuchita zoopsa.

Anaika diso pa kabowo. Anaona phewa la a Mwaswera, khonde, ndi kachigawo ka msewu wonyowa. Ana a sukulu ochedwa kuweruka anali akudutsa, onse tsidya linalo, ena akuthamanga akafika moyang'anizana ndi khomo. Gululo litatha kunabwera kamtsikana kamodzi, yunifolomu yaikulu kuposa msinkhu wake, mabuku ali m'jumbo ya shuga. Monika anakadziwa: Priscilla, mwana wa telala wa pafupi ndi chigayo. Kanaima. Kanayang'ana chidolecho, chala chili m'kamwa.

Dzanja la Monika linapeza chogwirira chija lokha. Chitsulo chinali chosalala pomwe zala zinkagwira. Asanafinye anacheukira ku thabwa, nayandikitsa nkhope, akutsata mizere ndi chala, kuwerenga movutika chilembo chimodzichimodzi mpaka anapeza dzinalo, lachitatu kuchokera pansi.

Priscilla: ayi, mpaka adzayambe yekha.

Anabwezera diso pa kabowo. Mwanayo anali chiimire, manja onse ali pansi. Monika anadikira naye, zala zili pa buleki, osafinya, mpaka kamtsikanako kanatembenuka n'kumapita.